Softball ya amayi yadzukanso ku America: kodi ulendo uno ligi ikhalitsa?

Pa 27 Julayi 2025, pabwalo la Rhoads Stadium mumzinda wa Tuscaloosa, m'chigawo cha Alabama ku America, timu ya Talons idagonjetsa Bandits 1-0 n'kunyamula chikho choyamba cha ligi yatsopano ya amayi ya masewero a softball. Amene adaponya mpira kumbali ya Talons tsikulo ndi Montana Fouts, yemwe adatchukira pabwalo lomweli pomwe ankaphunzira pasukulu yaukachenjede ya Alabama. Adachoka pasukulupo mu 2023, ndipo patatha zaka ziwiri adabwereranso ngati munthu wolembedwa ntchito yosewera mpira.

Kwa amene sadziwa mbiri ya masewerowa, imeneyi ingamveke ngati nkhani wamba ya chikho. Koma kwa osewera a softball ku America, chofunika sichidali chikhocho. Chofunika chidali chakuti pali ligi yoti munthu n'kuseweramo akamaliza maphunziro. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, dzikolo lakhala likukhazikitsa maligi a amayi a softball, ndipo onse am'mbuyomu adagwa kapena kuzilala. Ligi yatsopanoyi, Athletes Unlimited Softball League, yomwe mwachidule imatchedwa AUSL, idamaliza bwino nyengo yake yoyamba mu 2025. Funso n'lakuti kodi yachiza nthenda yomwe idapha anzake aja, kapena yangoyamba bwino monga momwe nawonso adayambira?

Masewero ake ndi otani?

Softball ndi m'bale wake wa baseball. Idayambira mumzinda wa Chicago mu 1887 ngati njira yosewerera baseball m'nyumba. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 9 m'bwalo. Timu imodzi imaponya ndi kuwakha mpira, inayo imamenya mpirawo ndi chibonga. Womenya akaugunda, amathamanga kudutsa ngodya zinayi za bwalo, ndipo akafika pomwe adayambira asadagwidwe, timu yake yapeza chigoli. Masewero amakhala ndi zigawo 7, ndipo m'chigawo chilichonse matimu onse awiri amapatsidwa mpata womenya.

Kusiyana kwakukulu ndi baseball kuli pa kaponyedwe. Mu softball woponya amazunguza mkono n'kuutulutsira mpira cham'munsi, pafupi ndi chiuno, ali pamtunda wa mamita 13 okha kuchokera pomwe pali womenya. Akatswiri amaponya paliwiro loposa makilomita 110 pa ola, kotero womenya amakhala ndi nthawi yosakwana theka la sekondi kuti aganize zomenya kapena kuusiya. Dzina la masewerowa limapereka chithunzi cha mpira wofewa, koma mpirawo ndi wolimba ndithu.

Ku America masewerowa adakula chifukwa cha sukulu. Lamulo la mu 1972 lotchedwa Title IX lidaletsa kusala anthu potengera kuti ndi amuna kapena akazi m'sukulu zolandira ndalama za boma. Sukulu zaukachenjede zidayamba kumanga mabwalo, kulemba makochi ndi kulipirira maphunziro a atsikana aluso. Zotsatira zake n'zakuti dzikolo limatulutsa osewera abwino ambirimbiri chaka ndi chaka. Vuto lakhala la komwe angapite akalandira digiri.

Maligi omwe adagwa

Kuyesa kwina kudachitika mu 1976, pomwe katswiri wa tenesi Billie Jean King, katswiri wa softball Joan Joyce ndi anzawo adakhazikitsa ligi ya amayi yolipira osewera. Idatha mu 1979, itangosewera nyengo zinayi.

Mu 1996 softball idalowa m'masewero a Olimpiki ku Atlanta, ndipo timu ya America idapata mendulo ya golide. Chisangalalo chimenecho chidabala ligi ina mu 1997, yomwe pambuyo pake idadziwika kuti Women's Pro Softball League. Nayo idaima itasewera mu 2001. Mu 2004 idatsitsimutsidwa pansi pa dzina latsopano la National Pro Fastpitch, kapena kuti NPF, ndi matimu 6. Chaka chimenecho America idapambananso golide ku Athens, ndipo mayina a osewera monga Jennie Finch, Lisa Fernandez ndi Cat Osterman adali pakamwa pa anthu.

NPF ndi yomwe idakhalitsa kuposa onse, koma moyo wake udali wa lero ndi lero. Matimu ankabadwa n'kufa, ena ankasamuka mizinda, ndipo panali zaka zomwe ligi yonse inkatsala ndi matimu anayi. Mu 2016 timu ya Scrap Yard Dawgs ya ku Texas idadzidzimutsa anthu posainirana ndi woponya Monica Abbott mgwirizano wa $1 miliyoni wa zaka 6. Nkhaniyo idamveka patali, koma sidasinthe moyo wa osewera ena onse, omwe ambiri ankalandira ndalama zosakwanira kudya chaka chathunthu ndipo ankadalira ntchito zina monga ya ukochi. Timu yomweyo idachoka mu ligi patangopita nthawi yochepa.

Pofika 2018 ndi 2019, malo ena mu NPF adadzazidwa ndi matimu odalira osewera a mayiko monga China, Australia, Canada ndi Mexico, omwe ankafuna kokonzekerera Olimpiki ya ku Tokyo. Kenako mliri wa Covid-19 udalepheretsa nyengo za 2020 ndi 2021, ndipo mu Ogasiti 2021 ligiyo idalengeza kuti yaimitsa ntchito zake. Ligi ina, Women's Professional Fastpitch, idasewera nyengo yake yoyamba mu 2023 ndi matimu anayi, koma chaka chotsatira ena mwa matimuwo adatulukamo.

Tikaunika mbiri imeneyi, zifukwa zitatu zikuonekera mobwerezabwereza. Choyamba, timu iliyonse inkadalira thumba la mwini wake. Mwiniyo akatopa ndi kutaya ndalama, timu inkafa, ndipo kufa kwa timu imodzi mu ligi ya matimu asanu kunkagwedeza ligi yonse. Chachiwiri, masewero sankaoneka mokhazikika pawailesi za kanema zikuluzikulu, choncho makampani sankaona chifukwa cholowetsamo ndalama. Chachitatu, maligi ankatsamira pa Olimpiki, pomwe Olimpikiyo idali mzati wosadalirika: softball idachotsedwa itaseweredwa mu 2008, sidaliko mu 2012 ndi 2016, idabwerera ku Tokyo mu 2021, n'kusowanso ku Paris mu 2024.

Pamndandanda umenewu palibe kusowa kwa luso. Osewera adalipo nthawi zonse. Chomwe chinkasowa ndi ndalama zodekha, zomwe mwini wake angapirire kuzitaya kwa zaka zingapo asadayambe kukolola.

Chasintha n'chiyani?

Kampani ya Athletes Unlimited, yomwe adaikhazikitsa Jon Patricof ndi Jonathan Soros, idayamba kuyendetsa softball mu 2020 m'tauni ya Rosemont, kufupi ndi Chicago. Poyamba idatsata njira yachilendo. Padalibe matimu okhazikika. Sabata iliyonse osewera ankagawidwa m'matimu atsopano, aliyense ankadzipezera mapointi payekha, ndipo pamapeto pake katswiri ankakhala munthu mmodzi. Woyamba kupambana adali Cat Osterman. Njirayi idachepetsa ndalama zoyendetsera masewero, popeza onse ankachitikira pabwalo limodzi, koma idali ndi chilema: n'kovuta kuchemerera timu yomwe iphwasulidwe Lolemba.

Patatha zaka zisanu, kampaniyo idabwerera ku njira yomwe otsatira masewero adaizolowera. AUSL idayamba pa 7 Juni 2025 ndi matimu anayi: Bandits, Blaze, Talons ndi Volts. Timu iliyonse idasewera masewero 24. Dzina la Bandits silachilendo, pakuti ndi lomwe inkadziwika nalo timu ya ku Chicago mu NPF, komwe Jennie Finch adasewerako.

Kusintha koyamba kuli pa umwini. Matimu onse anayi adali m'manja mwa kampani imodzi, yomwe imalemba osewera, kulipira malipiro ndi kukonza maulendo. Palibe mwini timu yemwe angadzuke m'mawa n'kutseka chitseko pakati pa nyengo.

Kusintha kwachiwiri ndi kulowa kwa Major League Baseball, ligi ya amuna ya baseball yomwe imapanga mabiliyoni a madola pachaka. Kumapeto kwa Meyi 2025, kutatsala masiku ochepa kuti nyengo iyambe, MLB idalengeza kuti yaika ndalama mu AUSL. Aka kadali koyamba kuti ichite zotere ndi ligi ya amayi ya softball. Malipoti a ofalitsa nkhani kumeneko adati gawo lake likuposa magawo 20 pa 100 alionse. M'masiku a NPF padalinso ubale ndi MLB, koma udali wothandizana kutukula masewero basi. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Bwenzi likhoza kukufunira zabwino n'kudzipitira, koma amene wagula gawo m'munda amadzuka usiku akamva kuti mwalowa ng'ombe. MLB idayambanso kuonetsa ena mwa masewerowa pakanema wake ndi pamasamba ake a pa intaneti, kuphatikiza pa omwe ankaoneka pa ESPN.

Kusintha kwachitatu ndi utsogoleri. Mkulu wa ligiyi ndi Kim Ng, yemwe mu 2020 adakhala mayi woyamba kupatsidwa udindo woyendetsa timu ya MLB, Miami Marlins, ndipo mu 2023 timuyo idafika m'ndime ya chipulula iye ali pampando. Mayi Ng adasewerapo softball ali pasukulu yaukachenjede ya Chicago, ndipo adagwirapo ntchito kulikulu la MLB. Amadziwa chinenero cha eni ndalama komanso cha osewera. Pansi pake pali akatswiri akale: Lisa Fernandez adayendetsa Talons, ndipo Cat Osterman adayendetsa Volts.

Zomwe nyengo yoyamba yaonetsa, ndi zomwe yabisa

M'bwalo zinthu zidayenda bwino. Talons idatsogola pamndandanda itapambana masewero 18 mwa 24, kenako idagonjetsa Bandits kawiri motsatizana m'ndime yomaliza. Erin Coffel wa Bandits adasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa. Masewero ambiri matikiti adatha.

Komabe ndi bwino kuonetsetsa mmene matikitiwo adathera. Mu 2025 matimu adalibe mizinda yawoyawo. Ligi yonse inkayendayenda, kusewera masiku angapo mumzinda uno n'kupita wina, nthawi zambiri m'madera momwe softball ya m'sukulu ili kale ndi otsatira ambiri. Mabwalo ake adali aang'ono. La ku Tuscaloosa limalowa anthu pafupifupi 4,000. Mlendo wobwera kamodzi pachaka amaphikiridwa nkhuku, koma wobwera sabata iliyonse amadya zomwe zilipo. Kudzaza bwalo kwa masiku atatu ndi anthu omwe sadzakuonanso mpaka chaka chamawa si chimodzimodzi ndi kulidzaza Lachiwiri madzulo, timu itagonja kanayi motsatizana.

Nkhani ya Montana Fouts ikuonetsa mbali zonse ziwiri. Anthu a ku Tuscaloosa adali ndi chifukwa chapadera chobwerera kubwalo, chifukwa woponyayo ndi mwana wa pasukulu pawo. Ligi idachita mwanzeru kubwereka chikondi chimenechi. Koma chobwereka chimabwezedwa. Tsiku lina ligiyi iyenera kukhala ndi otsatira omwe amakonda Talons chifukwa ndi Talons, osati chifukwa muli wosewera wa kusukulu kwawo.

Mayeso amenewa sali patali. Ligiyi idalengeza kuti kuyambira 2026 ikhala ndi matimu 6 ndipo iliyonse ikhala ndi mzinda wake. Imodzi mwa matimu awiri atsopanowo ndi Oklahoma City Spark, yomwe idaseweramo mu Women's Professional Fastpitch. Kukhazikika m'mizinda n'kofunika, chifukwa ndi njira yokhayo yopezera otsatira okhulupirika ndi makampani a m'deralo. Koma n'komwenso kumadyera ndalama: lendi ya mabwalo, antchito a nthawi zonse, maulendo a ndege pakati pa mizinda yotalikirana. Ndi katundu yemweyu amene adathyola msana wa maligi akale.

Kumene ndalama zili

Chodabwitsa pa softball ya ku America n'chakuti pachimake pa kutchuka kwa wosewera ndi pomwe ali pasukulu, osati atayamba ntchito. Mpikisano womaliza wa sukulu zaukachenjede, Women's College World Series, umachitika chaka chilichonse ku Oklahoma City pabwalo lolowa anthu pafupifupi 13,000. Mu Juni 2025, masewero omaliza omwe Texas idagonjetsa Texas Tech adaoneredwa ndi anthu oposa 2 miliyoni pakanema. Ligi ya akatswiri sinayandikire chiwerengero chimenechi.

Kuyambira 2021, malamulo amalola ophunzira kulandira ndalama kudzera m'dzina ndi kutchuka kwawo. Mu 2024 woponya NiJaree Canady adachoka ku Stanford kupita ku Texas Tech pamgwirizano woposa $1 miliyoni pachaka. Ndalama zimenezi zikuposa kutali malipiro a mu AUSL. Choncho wosewera wapamwamba kwambiri akamaliza sukulu n'kulowa ligi ya akatswiri, malipiro ake amatsika m'malo mokwera. Palibe umboni woposa uwu wakuti ligiyi idakali ndi mtunda wautali.

Palinso Japan. Kumeneko matimu a softball ya amayi ndi a makampani akuluakulu monga Toyota, Honda ndi Hitachi, ndipo mu 2022 adakhazikitsa ligi yatsopano ya JD.League. Kwa zaka zambiri, akatswiri a ku America ofuna kudya thukuta lawo ankapita kumeneko. Monica Abbott adasewera nyengo zambiri mu timu ya Toyota. Si mwangozi kuti Japan ndiyo idagonjetsa America m'ndime yomaliza ya Olimpiki mu 2008 komanso mu 2021. Dziko lomwe osewera ake amapitiriza kusewera mpaka zaka 30 ndi kuposerapo limakhala ndi timu yokhwima kusiyana ndi lomwe ambiri amasiya ali ndi zaka 23 kuti akafune ntchito ina.

Nyambo ya 2028

Softball ibwereranso mu Olimpiki ya 2028 ya ku Los Angeles, ndipo masewero ake adzachitikira ku Oklahoma City. Zimenezi zikupereka mphamvu ku AUSL. Osewera omwe akadasiya akupitiriza chifukwa akufuna malo mu timu ya dziko lawo, makampani akufuna kuoneka pafupi ndi nkhope zomwe zidzavale mendulo, ndipo MLB nayo ili ndi chidwi chifukwa baseball idzaseweredwanso chaka chimenecho.

Koma mbiri ikuchenjeza. Ligi ya mu 1997 idabadwa Olimpiki ya ku Atlanta itangotha, n'kuima patangopita chaka kuchokera pa golide wa ku Sydney mu 2000. NPF idayamba m'chaka cha golide wa ku Athens, ndipo idalengeza kuima kwake patangotha masiku ochepa kuchokera pa masewero a softball a ku Tokyo. Olimpiki imabweretsa khamu la anthu kwa masabata awiri pa zaka zinayi, ndipo softball ilibe malo okhazikika kumeneko. Kupezeka kwake kumadalira zofuna za mzinda wochititsa masewerowo. Chaka chofunika kuchiyang'anira pa moyo wa AUSL si 2028, koma 2029, moto wa Olimpiki utazima.

Phunziro la maligi ena

Pali zifukwa zokhalira ndi chiyembekezo, ndipo zikuchokera m'masewero ena a amayi m'dziko lomwelo. Ligi ya basketball ya WNBA idayamba mu 1997 itagwiridwa dzanja ndi ligi ya amuna ya NBA. Kwa zaka zambiri inkataya ndalama, matimu ena adafa, koma mwini wake sadaitaye. Mu 2024 idasainira mgwirizano wa kanema wa ndalama pafupifupi $2.2 biliyoni wa zaka 11. Padatenga zaka zoposa 25 kuti ifike pamenepo.

Mpira wamiyendo wa amayi udadutsanso m'chigwa chomwechi. Ligi yoyamba, WUSA, idakhala kuyambira 2001 mpaka 2003. Yachiwiri, WPS, idakhala kuyambira 2009 mpaka 2011. Yachitatu, NWSL, idayamba modzichepetsa mu 2013, mabungwe a mpira a America, Canada ndi Mexico akulipira malipiro a osewera a matimu a mayiko awo. Lero ndi ligi yomwe imakopa akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo Amalawi amaidziwa bwino chifukwa ndi komwe Temwa Chawinga wa Kansas City Current adamwetsa zigoli 20 mu 2024 n'kusankhidwa kukhala wosewera bwino koposa. Anthu akadagwa ulesi maligi awiri oyamba atagwa, bwalo limenelo silikadakhalapo.

M'zitsanzo ziwirizi chomwe chidapulumutsa ligi si nyengo yoyamba yokongola. Ndi kupezeka kwa bungwe lamphamvu lomwe lidavomera kusenza mtolo m'zaka zowuma. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa nkhani ya maligi a amayi kudekhako kumawerengedwa m'zaka makumi.

Apa ndi pomwe pagona nkhani ya AUSL. Kwa nthawi yoyamba softball ya amayi ku America ili ndi zinthu zitatu pamodzi: umwini umodzi, mnzake wa thumba lakuya yemwe ali ndi gawo, ndi malo pakanema. Palibe ligi yam'mbuyomu yomwe idakhalapo ndi zonsezi nthawi imodzi. Koma umwini umodzi uli ndi chiopsezo chake: ngati eni kampaniyo kapena MLB atasintha maganizo, sipagwa timu imodzi, pagwa ligi yonse.

Choncho poyeza ligiyi m'zaka zikubwerazi, chiwerengero cha matikiti a m'nyengo yoyamba sichithandiza kwambiri. Zofunika kuziyang'ana ndi izi: ngati mabwalo a m'mizinda yokhazikika azidzaza m'chaka chachitatu ndi chachinayi, ngati wailesi za kanema ziyambe kulimbirana masewerowa ndi ndalama zenizeni, ngati MLB ikhalebe m'ngalawamo Olimpiki itadutsa, ndipo koposa zonse, ngati wosewera wamba, osati wotchuka ngati Fouts kapena Canady, angathe kulipira lendi ndi kudzisamalira chaka chonse ndi malipiro a softball okha.

Atsikana omwe adadzaza mipando ku Tuscaloosa mu Julayi uja, ena atavala yunifomu za matimu a kusukulu kwawo, adzamaliza maphunziro a ukachenjede patatha zaka 10 kapena kuposerapo. Ligiyi idzakhala itapambana ngati iwo adzaipeze ikadalipo.